Mabotolo Atatu a Pakona

Chegutu
2 Okutobala 2023

Achimwene Lameki,

Moni nonse kumeneko. Muli bwanji inu ndi alamu anga a Enesi? Mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti dzuwa la chaka chino lafuna kutimaliza. Nanga mwana wanu Never akumveka ku Ngezi kuja? Akatopa n'kukorokoza golide mumuuze abweze foni yanu. N'zamanyazi kuti anthu obadwa mimba imodzi, wina ku Chegutu wina ku Eiffel Flats, tizilemberana makalata ngati wina ali ku Joni.

Kalata ino yabwera ndi Maclean wa kombi, pamodzi ndi makatoni awiri. Chonde musadye zimene zili m'katimo. Muli mabotolo 24 a mapira, mapfunde amene, koma si chakudya, si chimeranso ayi. Ndi mbewu ya bowa. Sekani ndithu, ndikudziwa mukuseka. Amayi a kutchalitchi tinaphunzitsidwa kulima bowa m'nyumba, ndipo ine ndasankha kupanga mbewu yake, poti tomato pamsika pano akugulitsa aliyense.

Ntchito yake si yamasewera. Ndinatsuka mapira, ndinawaviika, ndinawaphika pang'ono kuti afewe koma asaphulike. Ndinawayanika mpaka atasiya kunyowetsa dzanja, n'kusakaniza ndi kalaimu, n'kuthira m'mabotolo a dovi, a chiponde aja. Chivundikiro chilichonse ndinachiboola n'kutsekapo ndi thonje. Kenako mabotolo anakhala mumgolo wa nthunzi maola anayi, nkhuni zanga za mwezi wonse zinathera pomwepo. Atazizira ndinathiramo kambewu kamene anatipatsa kumaphunziro. Tsopano akufuna malo amdima, ozizira, aukhondo, masiku 21. Kachipinda kanga ka lendi mukukadziwa: malata pamutu, mphemvu pansi, ndi amayi eninyumba olowa osagogoda. Ndiye ndakumbukira chipinda cha malemu bambo kuseri kwa nyumba yanu, cha makoma okhuthala a kumgodi chija.

Mvetsetsani bwino. Musatsegule zivundikiro. Mlendo asalowemo. Wolowa asambe m'manja mpaka m'zigongono, ndipo asayankhule kapena kutsokomola pafupi ndi mabotolo. Tsiku lakhumi muwakhutchumule kamodzi. Mukaona zoyera ngati thonje zikuyanga m'mapiramo, ndiye kuti zikuyenda. Zina zonse mukuzidziwa kale, ndinu akulu.

Mundiyankhe kudzera kwa Maclean yemweyu.

Ine mlongo wanu,
Alesi

Eiffel Flats
5 Okutobala 2023

Mlongo wanga Alesi,

Ndayamba ndi kukupatsa moni, ine ndi alamu ako. Mwendo ulipo, umadziwa wokha tsiku lotupa. Za Never usandifunse, foni yanga ikuona dziko kuposa mwini wake.

Katundu wafika mushe, palibe botolo losweka, ngakhale Maclean amayendetsa ngati akuthawa njuchi. Chipinda cha bambo ndasesa ndekha, ndakolopa ndekha, zenera ndatseka ndi chiguduli. Mabotolo ndawandandalika mizere inayi, aliyense pamalo pake, monga tinkaimira kumgodi podikira kutsika pansi.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatu m'pamene ndinaimva. Mapira ophika. Chipinda chamdima. Mlendo asalowe. Osayankhula. Masiku owerengeka. Ndinati aaa, izitu si zachizungu ayi! Izi ndi zomwe zija mayi athu ankachita akamafulula mowa wa mapira mukomboni muno. Chinthu chikamapsa chokha mumdima, nyumba yonse imasunga mwambo, apo ayi chimasasa.

Unati zina zonse ndikuzidziwa kale. Ndakunyadira, Alesi. Pali zinthu zimene mlongo sangalembere mchimwene wake papepala, ndipo iwe unaleredwa bwino, sunazilembe. Koma ine ndazimva. Kuyambira Lachiwiri tayamba kusunga mwambo wonse wa mayi, wolembedwa ndi wosalembedwa. Chitseko chakale chija chinkakhala kudenga ndachitsitsa. Alamu ako sanakondwe, koma azolowera.

Undiuze ngati ndachita bwino.

Ine mchimwene wako,
L. Mbewe

Chegutu
7 Okutobala 2023

Achimwene,

Moni, ndikulemba chothamanga, Maclean akuliza hutala.

Mwachita bwino kwambiri! Ndikukumbuka ndithu mayi akutsuka mbiya ndi madzi otentha, ntchentche osaiyandikira. Chitani zomwezo, mwambo wonse, osasiyako ngakhale kamodzi. Munthu mmodzi akangolekerera tsiku limodzi, mabotolo amachita nkhungu yobiriwira, basi ntchito yonse yafa. Alamu anga muwauze apirire, ndikudziwa n'zotopetsa, koma masiku 21 si chaka. Akatopa iwo, apemphe a neba awathandize.

Chitsekocho sindinamve kuti n'cha chiyani, koma ngati chikuthandiza chigwiritseni ntchito.

Alesi

Eiffel Flats
11 Okutobala 2023

Mlongo wanga Alesi,

Moni. Tonse tili moyo, ngakhale ena sakuyankhulitsana.

Mawu ako akuti apemphe a neba awathandize sindinawawerengere alamu ako. Ndikhulupirira unali wothamangadi.

Lipoti lake ndi ili. Ine ndikugona kukhitchini pachitseko chija, pomwe bambo ankagona mayi akafulula. Alamu ako ali kuchipinda. Pakati pathu pali khoma. Kudika ndi kumeneko, mwamuna kwake mkazi kwake mpaka chinthu chitapsa. A Pitala, neba wanga amene ndinagwira naye kumgodi, amadziwa miyambo kuposa ine. Iwo anati mchere ndi umene umanyamula zoipa, ndiye kuti tisakayike ndinawapatsa mchere wathu wonse asunge. Sadza tikudyera ndiwo zozizira m'kamwa, koma tikudya.

Ndiye panabuka vuto. Chipinda cha bambo chinagundana khoma ndi chipinda chogona cha a Pitala. Mabotolo sadziwa nambala ya nyumba. A Pitala, munthu wolungama, anasamuka okha kukagona pakhonde. Akazi awo a Juliet anatukwana mpaka agogo athu a ku Dedza. Kenako a Pitala anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, nanga denga? Zoonadi, laini yathu makomo ndi asanu ndi limodzi koma denga ndi limodzi. Tinayenda khomo ndi khomo. Onse anamva, kupatula Tapuwa wa kumapeto uja, amene anangoti, "Sekuru, ndine mavhiki matatu ndaroora!" Ndinamuyankha kuti amene wakwatira masabata atatu apitawo ali ndi zaka zambiri kutsogolo, mapira ali ndi masiku 21 okha. Tambala wanga ndamuvundikira m'dengu kuti asiyane ndi nkhuku zake. Undiuze ngati abakha a Juliet nawonso akuwerengedwa.

Zoyera zija zayamba, zikuyanga bwino. Kungoti mabotolo atatu a pakona ndinawapeza akutuluka thukuta mkati. Alesi, ine ndagwira ntchito ya mpweya pansi pa mgodi zaka 27. Chinthu chotsekeredwa chikayamba thukuta, ndimadziwa chimene chikubwera. Zivundikiro sindinatsegule, lamulo lako ndasunga. Ndangochotsa kathonje ka pabowo, n'kuuziramo mpweya ndi pakamwa katatu, n'kukupiza ndi chipewa, n'kubwezera thonje. Ndikuchita zimenezi m'mawa uliwonse, nditasamba m'manja mpaka m'zigongono, osayankhula. Usandithokoze, ndi ntchito yanga.

Mchimwene wako,
L. Mbewe

Eiffel Flats
17 Okutobala 2023

Alamu anga, atete, azakhali a Never,

Moni. Ndine Enesi. Sindinakulembereni chikwatiwire m'banja mwanu muno, ndiye mudziwe kuti zafika pena. Kalata ino ndapatsira mayi wina wogulitsa matemba, poti kombi ya Maclean inafa sabata yatha, ili kugalaja ku Kadoma matayala m'mwamba.

Ndikufunseni, alamu. Bowa ameneyu ndi wodya kapena ndi mfumu? Masabata awiri ndikudya ndiwo zopanda mchere. Amuna anga akugona pachitseko ngati maliro. Laini yonse ikundiyang'ana ndi diso lofiira, kunena kuti ndi mabotolo a kwa Enesi. Zonsezi ndinapirira chifukwa munalemba nokha kuti ndipirire. Nkhalamba ngati ine, zoti munthu agone kukhitchini sizikanandiliza. Chandiliza ndi ichi.

Lamlungu mabotolo atatu a pakona anapezeka abiriwira ngati ndowe za ng'ombe ya m'dzinja. Achimwene anu anati pali wina waswa mwambo. Dzulo m'mawa, anthu atadzaza pampopi, iwo ndi a Pitala anayamba kufunsa nyumba ndi nyumba. A Pitala analumbira, n'kuonetsa pomwe udzudzu unawadya pakhonde. Tapuwa anangoti tayang'anani nkhope yanga, ndipo aliyense anavomereza kuti mwanayo wasungadi. Onse anayera. Ndinatsala ine.

Lachinayi ndinapita ku Chigwirizano cha amayi ku Rimuka. Pobwerera kunalibe kombi, ndinakwera lole ya makoko a thonje, ndinafika dzuwa litalowa. Basi mlandu wanga ndi umenewo. Achimwene anu ananyamula botolo lobiriwira m'mwamba, pamaso pa a Juliet, pamaso pa ana amene ndinawaona akubadwa, n'kundifunsa kuti, "Amake Never, Lachinayi munali kuti?"

Mayo ine! Zaka 34, alamu. Ndili ndi zidzukulu. Ndili ndi yunifolomu yoyera ya Chigwirizano. Akanandifunsa tili awiri, ndikanawatukwana n'kuiwala. Koma andiimika pampopi, mboni yawo botolo la dovi. Ndinatula chidebe pansi n'kulowa m'nyumba. Mtima wanga wawawa ndipo sindikubisa.

Ndamanga katundu wanga. Yalani mphasa, ndikubwera mawa. Ngati malo mulibe ndipitirira kwa achemwali anga kufamu ku Selous, ndipo kumeneko sindidzabwerako.

Enesi

Chegutu
19 Okutobala 2023

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa mayi anatiphunzitsa, osati chifukwa mukuyenera.

Alamu anga afika dzulo, ali pano. Lero Maclean wabwera ndi kalata yanu ya pa 11, yothimbirira ndi oilo. Masiku asanu ndi atatu yagona m'kombi kugalaja. Ikanafika nthawi yake, bwenzi nditabwera ndekha wapansi. Taiwerengera limodzi ndi alamu, ndipo pena ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

Tsopano ndilemba zimene mlongo salembera mchimwene wake, ndipo ndikulemba nditayang'ana kumbali. Bowa alibe nazo ntchito zoti ndani wagona kuti. Alibe nazo ntchito! Pamene ndinati zina zonse mukuzidziwa, ndinkanena makoswe ndi nyerere. Pamene ndinati alamu apemphe a neba awathandize, ndinkanena kukolopa. Kukolopa, achimwene! Abakha sakuwerengedwa. Tambala sakuwerengedwa. Tapuwa, Mulungu amuchitire chifundo, sakuwerengedwa.

Chimene chikuwerengedwa ndi kathonje kaja. Mukuganiza kuti ndinawotcheranji nkhuni za mwezi wonse? Nthunzi inapha tizilombo tonse ta m'botolo, kuti bowa akule yekha wopanda wolimbana naye. Thonje limalowetsa mpweya pang'onopang'ono koma limatsekereza fumbi ndi nkhungu. Mabotolo amapuma okha kudzera momwemo. Thukuta munaliona lija ndi madzi a mapira, silipha kanthu. Inu munachotsa thonje n'kuuziramo mpweya wa m'kamwa mwanu, wa fodya ndi matemba, n'kuwonjezera fumbi la chipewa chimene sichinachapidwe chichokereni kumgodi. M'mawa uliwonse! Mabotolo amene munawachitira chifundo ndi atatu. Amene abiriwira ndi atatu. A pakona omwewo. Werengani nokha, paja munali kapitawo.

Mabotolo atatu si kanthu, mapira ndigula ena. Koma mkazi amene wakhala pamphasa panga pano sindingamugule pamsika. Sakudya bwino. Akuti Lolemba apitirira ku Selous. Ine ndawagwira mwendo kuti adikire yankho lanu. Nanenso ndili ndi mbali yanga, ndinavomera chinthu osachimva, ndipo ndapepesa kale. Yanu ndi yaikulu. Munawanyoza pampopi, ndiye musaganize kuti mupepesa ndi kalata yokha.

Mabotolo obiriwirawo musawatsegule. Otsalawo musawachitirenso chifundo china chilichonse.

Alesi

Eiffel Flats
22 Okutobala 2023

Amake Never,

Ndikuopa kufunsa kuti muli bwanji, poti wachititsa ndikumudziwa. Komabe, muli bwanji?

Kalata ya Alesi inandipeza Lachisanu. Iyi sindinafunike kuiwerenga katatu.

Dzulo m'mawa, madzi atangobwera, ndinapita pampopi ndi mabotolo atatu aja m'beseni. Ndinamenya chidebe mpaka makomo onse atatseguka. Ndinaima pomwe munaima inu paja. Ndinati, "Anthu inu, amene anawononga mapira ndine. Mkazi wanga alibe mlandu. Ndinachotsa thonje n'kuuziramo ndi pakamwa panga pano, pa mano asanu ndi awiri. Ndinamunamizira mayi wa ana anga pamaso panu, ndiye ndabwera kudzameza mawu anga pamaso panu pomwe." Ndinanena m'Chichewa, ndinabwereza m'Chishona kuti ana amve, ndipo a Pitala atayamba kuti komabe mwambo, ndinati aikona, khalani chete.

Kenako ndinawauza kuti kudika kuja sikunkafunika n'komwe. Tapuwa anasiya chidebe chikusefukira pampopi n'kuthamanga, patapata mmodzi anatsala panjira. A Juliet anayang'ana a Pitala nthawi yaitali, kenako anawagwira pamkono kupita nawo kunyumba. Kaya kunali kukhululuka kaya kulanga, sindinafunse. Pofika naini koloko laini yonse makomo anali otseka, dzuwa likuswa mtengo. Ndinavundukula dengu, tambala naye sanatsanzike. Ndinatsala ndekha ndi beseni langa.

Sindikudziikira kumbuyo, koma mulole ndinene chimodzi. Mukukumbuka chaka chija mwala unatitsekera pansi, ine ndi anzanga anayi. Makoma anayamba thukuta, ifenso thukuta, ndipo tinapuma mosinthana pakamwa pa paipi imodzi mpaka anatifukula. Kuyambira pamenepo sinditha kuona chinthu chotsekeredwa osachipatsa mpweya. Mukudziwa, ndi chifukwa chake ndimagona zenera lili pululu ngakhale mu Juni, inu n'kumadandaula. Koma dzulo pampopi ndinakumbukira mbali ina ya nkhaniyo. Masiku awiri aja inu munaima pachipata cha mgodi, Never ali kumsana. Anthu anakuuzani kuti yambani kulira, mwamuna wapita. Inu munakana, munati mpaka ndimuone ndi maso. Munandikhulupirira ndili pansi pa mwala. Ine ndakukayikirani chifukwa cha lole ya makoko a thonje. Botolo ndinalimvera chisoni, inu ayi. Ndachita manyazi, amake Never, ndipo ndapepesa ndi mtima wonse.

Mabotolo 21 otsala ayera onse, mbuu, mpaka pansi. Mawa akwanitsa masiku awo. Ndikanakonda mukanawaona, koma ndikudziwa kuti simukufuna kumva za iwo.

Ndikadali pachitseko kukhitchini. Palibe wandiuza, kungoti kuchipinda sindikutha kulowako. Mchere a Juliet akana kubweza, akuti ndi chindapusa. Musapite ku Selous. Ndiuzeni chochita ndichite.

Ine mwamuna wanu, ngati mukulolabe,
Lameki

Chegutu
24 Okutobala 2023

Bambo a Never,

Ndili bwino. Ndikudya ndiwo zamchere.

Kalata yanu yafika dzulo, katundu wanga ali kale pamutu. Alesi powerenga analira. Ine sindinalire. A Juliet nawonso atumiza mawu kuti munayankhuladi pampopi, koma sanafunike kuvutika. Ine munthu akandiuza chinthu ndimamva, sindifunsa botolo.

Ku Selous sindinapite. Koma musathamangire kusesa pakhomo. Madzi akatayika saoleka, ndipo mawu munanena Lolemba lija akundilirabe m'khutu. Lachinayi munali kuti. Ndikatseka maso ndikuona dzanja lanu m'mwamba.

Mwati ndikuuzeni chochita. Choyamba, mabotolo oyerawo mumupatse Maclean, awaike pampando wakutsogolo, osati kumbuyo ndi matayala. Obiriwirawo mukawakwirire kutali osatsegula. Chachiwiri, mukapepese kwa mkazi wa Tapuwa panokha, mwana wa eni anangobwera kumene m'laini mwathu n'kupeza misala. Chachitatu, Alesi akundiphunzitsa ntchitoyi. Dzulo ndaphika mapira ndekha osaphulika ndi limodzi lomwe, ndipo akuti dzanja langa ndi laukhondo kuposa lake. Mabotolo otsatira ndidzasunga ine, kiyi wa chipinda cha bambo adzakhala pachitenje panga, ndipo inu ndi chipewa chanu mudzathera pakhomo.

Chomaliza ndi ichi. Mapira munawapatsa masiku 21 mwakachetechete. Munawasambira m'manja, munawagonera pachitseko, munawasiyira mchere. Inenso ndipatseni masiku omwewo, kuyambira lero. Musabwere kuno. Musatume a Pitala. Musalembe kalata yofunsa ngati ndikupuma. Ndikupuma ndekha, pang'onopang'ono. Pa 14 Novembala mukaime pasiteji ya kombi. Mukaona ndatsika, ndiye kuti mkati muno mwayera. Mukapanda kundiona, mtundu winawo mukuudziwa.

Maclean ndamupatsa kathumba ka mchere. Muzitsina kamodzi kokha, osati kawiri, mwendo wanu sugwirizana ndi mchere wambiri. Ndipo chokani pachitsekopo, msana wanu si wa mnyamata. Mukagone pabedi, mbali yanu ya kuzenera. Mbali yanga muisiye.

Enesi